Zotola kudzala: mumadziwa bwanji choti mutenge ndi choti musiye?

aNabanda: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumatoleza zinthu zimene anzathu ataya nkumazikonza. Kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu aunjikako mapaleti ambirimbiri, matabwa okhomedwa osanjikapo katundu aja, mlonda wake akuti abwana anati aliyense wofuna atenge asanawaotche. Ine ndikufuna mashelefu ndi kabedi ka mwana. Koma ena ndi oyera bwino, ena ada ndi mafuta, ena ndi opaka penti ya buluu. Nditenge ati? Kapena thabwa ndi thabwa basi?

Kalipentala_Mavuto: Ayi mayi, thabwa si thabwa basi. Musanakweze olo limodzi pa wilibala yang'anani pa tizipika tija ta m'mbali timene timalekanitsa matabwa apamwamba ndi apansi. Mapaleti amene anaolokapo malire a mayiko amakhala ndi chidindo chochita kuotcha, mbali imodzi kachithunzi ka ngala ya tirigu ndi zilembo IPPC, mbali inayo zilembo ziwiri za dziko kumene linapangidwa, manambala, kenako HT kapena MB. La HT ndiye lanu limenelo, anangoliika mu uvuni mpaka mkati mwenimweni mwa thabwa mutafika madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, mankhwala mulibe. La MB analifukiza ndi methyl bromide, poizoni ameneyo, kabedi ka mwana ayi ndithu ndipo musalisandutse nkhuni. Lamulo lake amati ISPM 15, linabwera mu 2002 kuti tizilombo ta m'mitengo tisamakwere nawo katundu kuchoka dziko lina kupita lina

aNabanda: Eeeh zidindo zija ndimaziona koma ndimayesa ndi dzina la kampani kkkk. Nanga opanda chidindo?

Kalipentala_Mavuto: Opanda chidindo nthawi zambiri ndi oyenda m'dziko momwemo, mwina sanawathire kalikonse, koma HT yo imangokuuzani zimene anachita tsiku lolipanga, siikuuzani kuti linanyamula chani zaka zonsezi. Thabwa limamwa. Adawo asiyeni, amene ali ndi ufa woyera womatirira asiyeninso, ndipo nunkhizani osachita manyazi. A buluuwo ndi nkhani ina, ambiri amakhala a kampani ya CHEP, muona dzina pambali, iwo sagulitsa mapaleti amangobwereketsa ndiye olo muwapeze pa mulu wa zinyalala akadali awo. Pophwasula musalimbane ndi kuzula, misomali yake ndi yopotapota ija, mukakanula ndi mphamvu thabwa limang'ambika kumapeto komwe mukulifuna. Lowetsani sowo ya zitsulo pakati pa thabwa ndi chipika mudule msomali, kenako mitu yotsalayo muzikhoma kuchokera kuseri ndi msomali wina. Ntchito yochedwa koma matabwa amatuluka athunthu

Ndalankhula_Basi: Koma anthu inu. Munthu wosamba bwinobwino nkumakafukula m'mabini, ana anu akuona, oyandikana nawo akuona. Chinthu mwini wake anachitaya ndiye kuti chinatha, mukufuna kuchenjera kuposa amene anachigula? Ine ndiye ayi

Dalo_Mawaya: aNdalankhula foni mukulemberayi mwina chaja chake ndinakonza ndine kuchokera ku bini kkkkk

Madala aChisale: Mwana wanga Ndalankhula, ndakhala pa benchi yokonzera mawailesi ndi zamagetsi kuyambira tsitsi lili lakuda, ndikuuze. Zinthu zambiri zimene anthu amataya sizinafe, zangokomoka. Feni imene ikungolira osazungulira, kapena imafuna uikankhe ndi chala kuti iyambe, nthawi zambiri ndi kakapasita kakang'ono kakuda kamene kali pafupi ndi mota, mawaya awiri okha, kapena mafuta auma pa shafiti. Ayironi ndi ketulo, chingwe chimaduka mkati pamene chimapindika polowa, kunja chikuoneka chabwinobwino. TV imene kagetsi kakungophethira osayaka, tsegula uone makapasita pa bolodi ya magetsi, abwino pamwamba pake ndi pafulati, akufa amatupa ena mpaka kutulutsa zofiirira. Mwini wake sanataye chifukwa ndi wopusa, anangoona kuti wokonza ndi wosowa kapena nthawi alibe. Ku Amsterdam mayi wina dzina lake Martine Postma anayambitsa Repair Café mu 2009, anthu amabwera ndi zinthu zawo zakufa nkukhala pansi ndi odziwa kukonza mwaulere, pano zinafalikira mayiko ambiri, ndipo kumeneko si kuti anthu ake ndi osauka. Koma pali pamene ndikugwirizana nawe pang'ono. Zina zimatayidwa chifukwa zinayamba kugwira anthu shoko, zina zinanyamula poizoni, zina muli tizilombo. Ndiye ine ndikaima pa chinthu sindiyamba ndi kuganiza kuti ndipanga nacho chani, ndimayamba ndi kufunsa kuti anachitayiranji ndipo munali chani. Ngati mwini wake alipo mufunse. Safunsa anadya phula.

Mai a Tiya: Madala mwalankhula bwino koma chonde bambo a kunyumba kwanga asaone uthenga wanuwu. Khonde lonse ladzadza, kuseri kwadzadza, pansi pa bedi pali mamota sindikudziwa a chani, mafiliji akufa awiri, matayala, mipando yopanda miyendo, malaputopu osweka, chilichonse akuti ndidzakonza Loweruka. Loweruka lake silifika. Alendo akabwera ndimachita kuwadutsitsa chammbali

Jekete Wowotcherera: kkkkkk Mai a Tiya amuna anuwo ndi m'bale wanga ameneyo musamunyoze

Mai a Tiya: Mukamutenge muzikakhala naye limodzi ndi mafiliji akewo

Dalo_Mawaya: Amayi malaputopuwo musataye chonde, tikambirana. Ndiwauze anzanga za mabatire poti ndi zimene ndimapanga. Batire la laputopu zakale zija, lalitali lochita kuchotsa kunsi, mukalitsegula mumakhala maselo ozungulira otchedwa 18650, dzinalo ndi muyezo wake chabe, mamilimita 18 kunenepa 65 kutalika. Nthawi zambiri amakhala sikisi, awiriawiri magulu atatu. Gulu limodzi likafooka kabolodi kamkati kamatseka zonse, laputopu nkumati batire lafa pomwe anayi enawo ali moyo. Ndiye ine ndimatsegula pulasitiki pang'onopang'ono, osabaya, nkudula tizitsulo tolumikiza nkuyeza lililonse ndi multimeter. Lodzadza limawerenga 4.2, labwinobwino limakhala cha m'ma 3.6 kapena 3.7, limene latsika kupyola 2 ine sindilimbana nalo. Otsalawo ndimatchaja limodzilimodzi ndi kabolodi ka TP4056 ndikugwiragwira, likatentha limenelo lapita. Kenako ndimalemba voteji pa selo ndi maka nkuwasiya masabata angapo, limene latsika lokha osagwiritsidwa ntchito ndiye kuti likudzidya mkati, kunja. Opambana mayesowa ndi amene amalowa mu tochi, mu pawabanki, mu nyali za sola

aNabanda: Nanga si zimaphulika zimenezo achimwene?

Dalo_Mawaya: Zimayaka inde mukazichita chipongwe. Selo lobooka, lophwanyika, ladzimbiri kapena lonunkhira kafungo kotsekemera musalisunge m'nyumba. Kapulasitiki kokuta kaja kakang'ambika muvekenso kena chifukwa thupi lonse la selo ndi negativu, positivu ndi kamutu kokha, ndiye pakamwa paja zikakhudzana ndi moto. Osawaponya m'thumba limodzi ndi makiyi kapena misomali. Ndipo mukalumikiza angapo pamafunika BMS, kabolodi koteteza maselo kuti asadzadze kapena kutha mopyola muyezo, osangoti waya waya basi. Mabatire a foni otupa aja ndiye osayerekeza nkomwe kuwabaya kuti mpweya utuluke, ndaonapo anthu akulangizana zimenezo pa Facebook, misala

Dalo_Mawaya: China chimene anthu amataya chili chabwino ndi pawa sapulayi ya kompyuta ya pa desiki, kabokosi kachitsulo ka feni kaja. Pa pulagi yaikulu lumikizani waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse, feni izungulira. Wachikasu ndi 12V, wofiira 5V, wa olenji 3.3V, akuda onse ndi negativu. Mwapeza poyesera mababu a galimoto, ma LED, timapampu. Bokosilo lokha musalitsegule

Madala aChisale: Dalo wanena zoona pa kusatsegula. Ndiwonjezere microwave, chifukwa anyamata ambiri amaithamangira kufuna thiransifoma ndi maginito. Mkati muja muli kapasita yaikulu imene imagwira mavoti cha m'ma 2000, ndipo ikhoza kusungabe magetsi chingwe chili chozula. Inde muli karesisita koyenera kuitsitsa, koma chinthu chimene chili kudzala ungadalire bwanji kuti karesisita kake kali moyo? Thiransifoma yakeyo ndiye yapha anthu ambiri ndithu, makamaka amene amaonera mavidiyo ojambula mizere pa thabwa lonyowa ndi magetsi. Pamenepo palibe zoti shoko yakugwira wakuwa wathawa, umagwa pomwepo. Ma TV akale a chimimba aja nawonso chubu chake chimasunga magetsi, mkati mulibe mpweya ndiye chikasweka magalasi amauluka, ndipo galasi lake ndi losakaniza ndi mtovu. Ngati sunaphunzitsidwe ndi munthu amene anaima pambali pako, tenga chingwe ndi mbale yagalasi yozungulira ija, zinazo siya.

Jekete Wowotcherera: Ine mbali yanga ndi migolo. Anthu amabwera ndi mgolo wa malita 200 akuti tadulani pakati ndipange chootchera kapena chomwera ziweto, ndikafunsa munali chani akuti aaa ndi wopanda kanthu. Wopanda kanthuyo ndiye woopsa kuposa wodzadza. Mafuta atha koma mpweya wake watsala, wasakanikirana ndi mphepo, grinder ikangotulutsa kamoto kamodzi chivundikiro chimachoka ndi mutu wa munthu. Olo papite zaka. Ine ndimatsegula zotsekera zonse ziwiri, kutsuka ndi sopo, kudzadza madzi mpaka pafupi ndi pamene ndikudula, ndiye nkuyamba. Thanki ya petulo ya galimoto ndi silinda ya gasi ndimakana kumene olo munthu akwiye. Chinanso mapaipi ndi malata a galvanised mukawaotcha amatulutsa utsi woyera, zinki ameneyo, usiku umamva kuzizidwa ndi kuphwanya thupi, ndiye sizoikapo chakudya. Mashelefu a mufiliji chimodzimodzi, ena ndi okutidwa pulasitiki ena anawaviika mu zitsulo zosayenera moto

Nasibeko: Zikomo aJekete. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo ndiye ndilankhulepo za zigubu. Chigubu kapena mgolo wa pulasitiki umene munali mankhwala ophera tizilombo kapena udzu sulowanso madzi akumwa, mutsuke kakhumi, muuike padzuwa, muthire phulusa, pulasitiki imamwa mankhwalawo nkumawatulutsa pang'onopang'ono. Chifukwa chake malangizo ake amati chigubu chikatha chitsukidwe katatu kenako chibooledwe kuti wina asachitole. Mukapeza chigubu chabwinobwino koma chobooledwa dala pansi musamate, wobooolayo amakuchenjezani. Matanki oyera a malita 1000 a m'khola lachitsulo aja ndi abwino kukololera madzi a mvula, koma pokhapokha lebulo ikadalipo ndipo mwawerenga

Nasibeko: Ndipo poti tayamba, matiresi ndi sofa za m'mbali mwa msewu. Sofa yooneka yatsopano munthu sangoitaya. Tembenuzani muone m'misoko ndi pansi pamene nsalu anaikhomera ku thabwa, mukaona timadontho takuda tothithikana, tizikopa toyera kapena timazira, nsikidzi zimenezo. Zimatha miyezi osayamwa magazi ndiye zoti ndiisiya kunja sabata imodzi sizithandiza. Kutentha kopyola madigiri 50 kumapha ndi mazira omwe, bedi lachitsulo kapena mpando wa thabwa lokhalokha mutha kuthira madzi owira m'malumikiziro monse, zovala ndi makatani kuchapa ndi madzi otentha kwambiri nkusita. Koma siponji yokhuthala kutenthako sikufika pakati

Mai a Tiya: Nsikidzi zokha akadzabweretsa ndiye ukwati watha, ndalemba pano mukhale mboni

Ndalankhula_Basi: Mwaona? Poizoni, moto, nsikidzi, shoko. Nokha mukundivomereza

Kalipentala_Mavuto: Mpeni umachekanso koma simunasiye kugula aise. Ine chitseko chakale chamtengo wolimba chimene atayira kuti aike cha fashoni sindingachidutse, mitengo imeneyo inadulidwa ili yokhwima, thabwa lake louma kale silipindikanso, zamakono zambiri ndi utuchi womata ndi guluu zikanyowa zimafufuma. Ndimangosamala penti. Penti zakale zambiri zinali ndi mtovu, ku America anailetsa m'nyumba mu 1978 koma mayiko ena anapitiriza zaka zambiri, ndiye sindipala youma ndi makina ana ali pafupi, ndimanyowetsa nkupala ndi chitsulo panja nditavala chotseka pakamwa. Matabwa obiriwirako a mipanda ndi mapolo aja ena anawathira mankhwala a arsenic kuti chiswe chisadye, pa mpanda ndi abwino koma osawaotcha, phulusa lake ndi poizoni

Aphunzitsi Gondwe: Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhani ya Madala yofunsa kuti munali chani yandikumbutsa zimene zinachitika mumzinda wa Goiânia ku Brazil mu September 1987. Chipatala china chothandiza odwala khansa chinasamuka nkusiya makina ake m'nyumba yakale yopanda mlonda wokhazikika. Anyamata awiri otoleza zitsulo analowa, anamasula mutu wa makinawo, kuukweza pa wilibala kupita nawo kunyumba nkuyamba kuuswa. Tsiku lomwelo anayamba kusanza koma ankayesa ndi zimene anadya. Anagulitsa kwa mwini malo ogula zitsulo zakale, iyeyo usiku anaona kanthu kakuwala mobiriwira ngati buluu mkati mwake, anasangalala, analowa nako m'nyumba, kuitana abale ndi anzake, kuwagawira timibulu, ena mpaka kudzipaka pakhungu. Anali caesium-137, ufa wotulutsa cheza choopsa chosaoneka chimene amati radiation. Amene anazindikira ndi mkazi wake, ataona kuti aliyense pakhomo akudwala chibwerere chinthucho anachiika m'thumba nkukwera nacho basi kupita kwa a zaumoyo. Anthu anayi anamwalira, mayi yemweyo, mtsikana wa zaka 6 ndi antchito awiri a pamalopo. Anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, 249 anapezeka kuti zinawakhudza, nyumba zina zinagwetsedwa ndipo dothi linachita kukumbidwa. Zofanana nazo zinachitikanso ku Samut Prakan ku Thailand mu 2000 ndi ku Mayapuri mu Delhi mu 2010, konseko ndi kwa ogula zitsulo. Ndiye chitsulo chaching'ono koma cholemera modabwitsa, chotsekedwa mbali zonse, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu chochenjeza za radiation chija, kapena chochokera ku chipatala, ku mgodi kapena kwa opanga misewu, musachiswe kuti muone mkati. Talikirani nkuuza aboma.

aNabanda: Mayo ine, mwana wa zaka 6. Thupi langa lachita tsembwe

Jekete Wowotcherera: Aphunzitsi imeneyi sindimaidziwa, ndipo ife chitsulo chikalemera ndi pamene timasekerera

Nasibeko: Ya mtovu ndiye imachitika mwakachetechete. Ku Thiaroye-sur-Mer kufupi ndi Dakar ku Senegal ana 18 anamwalira kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008, anthu kumeneko ankaswa mabatire a galimoto kutenga mtovu, kenako amayi anayamba kusefa dothi la pamalopo kufuna tizidutswa totsala, fumbi lake kulowa m'nyumba ana akukwawa pomwepo. Batire la galimoto likafa kaperekeni lathunthu kwa ogula, osaliswa, osataya asidi wake pabwalo, osasungunula mtovu mu chitini. Ndipo inu otentha mawaya kuti mupeze kopa, utsi wakudawo mukupumira ndi ana a eni ake. Sendani ndi mpeni, kopa wosenda amaoneka bwino ndipo ogula amamukonda kuposa wootcha. Katemera wa kafumbata nayenso muzikumbukira, magolovesi ndi nsapato zolimba pansi

Toleza_Weniweni: Ndalowetsedwa mugulu muno ndi mphwanga, ine kutoleza ndi ntchito yanga imene ana amadyera, si zosangalatsa za Loweruka. Ndapirira ndemanga ya aNdalankhula koma ndingoti bwana, botolo limene mumataya limakhala lisanafike kumtaya ife talitola kale, tikanapanda ife ngalande za kwanuko bwenzi zitatsekeka kalekale. Pempho langa kwa nonse ndi ili. Magalasi osweka kulungani mu pepala kapena muike mu katoni mulembepo. Majakisoni ndi malezala ikani mu botolo lolimba mutseke. Matewera a ana musaphatikize ndi mabotolo ndi zitini. Chinthu chimene mukudziwa kuti wina chingamuthandize, nsapato, mpando, wailesi, musachiponye pansi pa zonyowa, chiikeni pambali pa bini, ndipo ngati chimagwira shoko dulani chingwe kapena lembani. Manja athu ndi amene amalowa mmenemo osaona. Komanso inu a magalimoto amene mwayamba kukonda zimenezi, mukafika pamalo pamene pali anthu otoleza kale musangotsika nkuyamba kukweza, mulu uliwonse uli ndi mwini wake amene wausanja kuyambira m'mawa, lankhulani naye mugule kwa iye

Madala aChisale: Achimwene mwalankhula za nzeru kuposa tonse. Pepani pa mawu a Ndalankhula aja.

Ndalankhula_Basi: Sindimanena inuyo bambo, ndimanena awa ali ndi ntchito zawo kale

Toleza_Weniweni: Bini yake ndi imodzi yomweyo bwana

Aphunzitsi Gondwe: Ku Cairo kuli anthu otchedwa Zabbaleen amene akhala akutolera zinyalala khomo ndi khomo kwa zaka zambirimbiri, amasankha ndi manja ndipo mbali yaikulu ya zimene atolera imabwereranso pa ntchito, kuposa mmene makampani ambiri a magalimoto akuluakulu amachitira. Ku Brazil komwe kuja boma linaika kutoleza pa mndandanda wa ntchito zovomerezeka mu 2002 ndipo ena ali m'makopaletivu. Lipoti la United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinthu zamagetsi, zimene zinasonkhanitsidwa nkukonzedwanso mwadongosolo sizinafike olo kota. Chitini cha aluminiyamu kuchisungunula kumadya pafupifupi 5 peresenti yokha ya magetsi amene akanafunika kupanga chatsopano kuchokera ku miyala. Ndipo aNdalankhula, William Kamkwamba ali ndi zaka 14 ankafukula pa mulu wa zitsulo zakale anthu nkumamuyesa wamisala, feni ya thirakitala, felemu ya njinga, mapaipi a pulasitiki owongola pamoto ndi dayinamo, mapeto ake makina a mphepo anayatsa babu

Dalo_Mawaya: Pa makina a mphepo pomwepo, ambiri amathamangira alternator ya galimoto nkukhumudwa. Imeneyo imafuna kuzungulira mothamanga kwambiri komanso imayamba yadya kaye magetsi a batire kuti ipange maginito ake, kamphepo wamba sikangaikwanitse popanda mapule. Bola mota yokhala ndi maginito ake kale, ya makina othamangirapo olimbitsa thupi aja kapena ya mu tayala la hoverboard, choseweretsa cha magetsi cha matayala awiri chochita kuimapo chija, ukangoipotoza ndi dzanja mita imawerenga

Admin_Chikondi: Ndikumbutse chimodzi anthuni, pano sitilimbikitsa kulowa m'mipanda ya eni. Chinthu chili mkati mwa geti, pa malo omanga kapena kuseri kwa kampani chili ndi mwini mpaka atanena yekha kuti tengani, ndipo bola akuuzeni wamkulu wake osati mlonda yekha, mawa mlondayo adzakukanani. Malamulo amasiyana, mayiko ena chimene chaikidwa kunja kwa msewu aliyense atha kutola, pomwe ku Germany anthu anaimbidwapo mlandu wakuba chifukwa chotenga zinthu mu bini ya sitolo. Zivundikiro za ngalande, mawaya a pa mapolo, zitsulo za njanji ndi zikwangwani za pamsewu si zotayidwa, ameneyo ndi wakuba basi ndipo tikamuona pano timuchotsa. Mukatola foni kapena kompyuta muli zithunzi ndi mapepala a eni, fufutani osayamba kuwerenga

aNabanda: Zamveka a Admin, ndikaonana ndi abwana akewo kaye

Mai a Tiya: Chabwino akatswiri inu, ndithandizeni zenizeni tsopano. Mafiliji awiri aja ndi matayala nditani nazo poti mwini wake kutaya wakana

Madala aChisale: Mayi, choyamba lero lomwe, ngati pakhomo pali ana chotsani zitseko za mafilijiwo kapena muzimange ndi tcheni ndi loko. Mwana amalowa pobisalirana, mkati mpweya sulowa ndipo kukuwa kwake sikumveka kunja. Ku America ana anafa ambiri ndi mafiliji akale a loko mpaka anakhazikitsa lamulo mu 1956 loti chitseko chizitseguka pokankha kuchokera mkati, ndi chifukwa chake lero timaona a maginito, koma filiji itagonekedwa chagada mwana wamng'ono chitseko sangachinyamule. Mukatero imodzi isandutseni kabati ya zida za bambowo, makoswe salowa, chinyezi sichilowa, mamota a pansi pa bedi apeza kwawo. Musaboole mapaipi ake, werengani pa kompuresa, mukaona R600a ndiye kuti gasi wake amayaka moto. Wokonza mafiliji akhoza kuchotsa gasi bwinobwino, kompuresayo ngati ikulira anyamata amapangira pampu yopopera matayala a njinga.

Kalipentala_Mavuto: Matayala ndiye osavuta. Awiri kusanjikiza, kumanga ndi mabawuti, thabwa lozungulira pamwamba ndi kansalu, mpando umenewo. Ena dzalanimo maluwa, ena kwirirani theka pamalo otsetsereka agwire dothi. Chachikulu boolani mabowo pansi chifukwa tayala mungaligoneke bwanji limasunga madzi ndipo udzudzu umaswana mmenemo. Podula gwiritsani mpeni wakuthwa woviika m'madzi a sopo, dulani m'mbali mofewa muja, pamene limaponda pansi ndi pa mkombero pali mawaya mungothyola mpeni

Jekete Wowotcherera: Ndipo muwauze achimwene angawo lamulo la pa shedi yanga, chatsopano chikalowa china chituluke, apo ayi uphwasule utenge chimene ukufunacho, mota, mabawuti, mahinjesi, chigobacho chipite kwa ogula zitsulo. Makina ochapira athunthu amadya malo a munthu wogona pomwe chimene ukufuna ndi mota ndi ng'oma yake yamabowo ija basi

Mai a Tiya: Lamulo limenelo mukawauze nokha, ine ndikanena akuti sindidziwa chuma

Dalo_Mawaya: Amayi nanga malaputopu aja? Ndi angati, mabatire ake akadalimo?

Mai a Tiya: Sindinawerenge, ali mu katoni pamwamba pa wadiropu, ina batire lake lafufuma mpaka kiyibodi yatukuka

Dalo_Mawaya: Eeeh imeneyo itsitseni pompano amayi, osaifinya osaitchaja, ikaikeni panja pa simenti kapena mu ndowa yachitsulo ya mchenga, pamthunzi, kutali ndi matayala aja. Enawo auzeni bambo ndidzawapatsa tochi imodzi tikasinthana

Mai a Tiya: Tochi yakoyo ibwera kudzaonjezera katundu, bwera ndi wilibala utenge ndi mamota omwe. Ndikukatsitsa katoniyo